Ndodo imodzi yowedzera ikwanira banja lonse

Anzanga a m'banja, Lamulungu lino tisiye kaye nkhani za phala la mwana ndi za apongozi, tikambe za ndodo yowedzera nsomba. Musaseke, nkhaniyi ikukhudza mphika wanu. M'makalata amene amandipeza muno simulephera kupezeka dandaulo la ndalama zimene bambo kapena mayi wathera pa zokonda zake. Wina ndi mpira, wina ndi foni, ndipo alipo amene mtima wawo wagwidwa ndi kuwedza nsomba ya bass kumadamu. Mayi amadandaula kuti bambo agula ndodo yachitatu chikhalirecho lendi sanapereke. Bambo nawo amati mkazi wawo samvetsa kuti ndodo iliyonse ili ndi ntchito yake. Onse akunenako zoona. Koma kwa banja longoyamba kumene, la ana ang'onoang'ono ndi malipiro osafika pa 20, ndodo imodzi yosankhidwa bwino ndi yokwanira.

Mwina mukuti namwino wopuma ntchito akudziwa chiyani za mbedza. Ndinagwira ntchito zaka zambiri kufupi ndi minda ya tiyi, kumene madamu ali ponseponse. Mbedza ndinayamba kuzidziwa pozichotsa m'zala ndi m'makutu a anthu. Kuponya anandiphunzitsa ndi malemu bambo a kunyumba, ndipo mpaka lero, ndili ndi zaka za m'ma 60, ndimapitabe kudamu ndi adzukulu anga.

Tiyambe ndi nsombayo, chifukwa simungasankhe khasu musanadziwe dothi. Bass si nsomba ya kwathu kuno. Kwawo ndi ku North America. Inafika ku South Africa m'chaka cha 1928, ndipo kenako inafalikira m'madamu a m'maiko a kuno kummwera kwa Africa. Ku Zimbabwe ndi yotchuka m'nyanja ya Mutirikwi ndi m'damu la Darwendale. Kuno kwathu mungaipeze m'madamu ena a m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, komanso ku Luwawa kumapiri a Viphya. Ndi nsomba ya kamwa lalikulu, yolusa. Imabisala m'mabango, pansi pa mitengo yogwera m'madzi ndi m'zitsamba za m'madzi, n'kumadikirira tinsomba, achule, nkhanu ndi tizilombo. Ikagwira nyambo imathawira kobisala, ndipo ikaona kuti zavuta imalumpha pamwamba pa madzi n'kupukusa mutu kuti ilavule mbedza. Yaikulu yodziwika pa dziko lonse inagwidwa ndi George Perry ku Georgia, m'dziko la America, mu 1932, ndipo inalemera makilogalamu 10 ndi pang'ono. Mu 2009 Manabu Kurita anagwira ina yofanana nayo m'nyanja ya Biwa ku Japan. Inu musalote zimenezo. Zambiri zimene mudzagwire zidzakhala za theka la kilogalamu mpaka makilogalamu awiri, ndiye musagule ndodo yokokera ng'ona.

Kuwedza bass n'kosiyana ndi kuwedza makumba ndi nsungwi. Simukhala pansi kudikira. Mumaponya nyambo, n'kuikoka, n'kuponyanso, mwina maulendo mazana pa tsiku limodzi. Nyambo zake zambiri n'zopanga: nyongolotsi za pulasitiki, zimene Nick Creme anayamba kuumba ku Ohio mu 1949, tinsomba tapulasitiki tolimba, ndi tizitsulo tonyezimira tozungulira m'madzi. Choncho ndodo yanu iyenera kuchita zinthu zitatu. Iziponya patali mosatopetsa mkono, izikuuzani m'dzanja nsomba ikangokhudza nyambo, komanso ikhale ndi msana wokokera nsomba kuichotsa m'zitsamba.

Choyamba ndi kutalika. Funani ndodo ya pafupifupi mamita awiri. Opanga ndodo amalemba m'mafiti, ndiye mudzaona palembedwa 6'6" kapena 7'0". Yoyambayo ndi mamita 1.98, yachiwiriyo ndi mamita 2.13. Yaifupi kuposa apo siponya patali, ndipo inu amene mulibe bwato, mukuwedzera pamtunda, mtunda woponya ndi wofunika. Yaitali kuposa apo imakola m'nthambi za mitengo ya m'mbali mwa damu ndipo imalemera kwa mayi wochepa thupi kapena mwana wa zaka 12. Ngati ndodoyo muzibwerekana m'nyumba, tengani ya 6'6". Ngati ndi ya wamkulu yekha ndipo damu lanu ndi lapoyera, ya 7'0" ndi yabwino.

Chachiwiri ndi mphamvu. Pamwamba pa chogwirira pamakhala timalemba tating'ono, ndipo timeneti ndiye chiphaso cha ndodo. Tiwerengeni monga mmene ndinkakuuzirani kuti muziwerenga pa botolo la mankhwala musanamwetse mwana. Mudzaona mawu akuti Light, Medium, Medium Heavy kapena Heavy. Mawuwa akunena za mphamvu imene ikufunika kuti ndodo ipindike. Ya Light ndi yofewa, bass ikalowa m'mabango simungaibweze. Ya Heavy ndi yolimba ngati mpini, siponya nyambo zopepuka ndipo nsomba yaing'ono simuimva kukoma. Pakati ndiye pali nzeru. Ya Medium imaponya pafupifupi nyambo zonse zimene munthu woyamba amagwiritsa ntchito, ndipo tsiku limene bass yakana, ndodo yomweyo mungaikepo nyongolotsi yeniyeni n'kuwedza makumba kapena mlamba wapakati, ndiwo n'kupezeka. Koma ngati damu limene mumapitako ladzaza zitsa ndi zitsamba, kwerani pang'ono, tengani Medium Heavy.

Pafupi pomwepo palembedwanso kulemera kwa nyambo ndi mphamvu ya chingwe zimene ndodoyo imalola. Yabwino kwa inu ndi imene yalembedwa nyambo za 1/4 mpaka 5/8 kapena 3/4 oz, amene ndi magalamu 7 mpaka 18 kapena 21. Pa chingwe funani manambala ozungulira 8 mpaka 14 lb, kapena 8 mpaka 17 lb. Manambalawa si okongoletsa. Mukamangirira mtovu wolemera kuposa umene walembedwa n'kuponya ndi mphamvu, nsonga idzathyoka, ndipo simungadandaule kwa wogulitsa.

Chachitatu ndi malo amene ndodo imapindikira. Apa mudzaona mawu akuti Slow, Moderate kapena Fast. Ya Slow imapindika yonse ngati uta. Ya Moderate imapindika kuyambira chapakati. Ya Fast imapindika chakunsonga kokha, kumunsi kuli nji. Pa bass tengani ya Fast. Chifukwa chake n'chakuti kamwa la nsombayi ndi lolimba, ndipo mbedza ya nyongolotsi ya pulasitiki imabisidwa m'kati mwa nyamboyo kuti isakole zitsamba. Mukamva kugunda, muyenera kukoka mwamphamvu kamodzi kuti mbedza iboole pulasitiki n'kulowa m'kamwa. Ndodo yopindika yonse imameza mphamvu yanu yonseyo, nsomba n'kupita. Akatswiri a mipikisano amakonda ya Moderate pa tinsomba tapulasitiki ta mbedza zitatuzitatu, n'chifukwa chake amanyamula ndodo zambiri. Inu simuli pa mpikisano. Ya Fast igwira ntchito zonsezo mokwanira, bola mufewetse pang'ono chomangitsa chingwe.

Chachinayi ndi kagudumu kokulungira chingwe, kamene asodzi amangokatchula kuti reel. Kuli mitundu iwiri, ndipo ndodo iliyonse imapangidwira mtundu umodzi. Ya spinning imalendewera pansi pa ndodo, ndipo ndodo yake ili ndi mphete zikuluzikulu chakumunsi. Ya baitcaster imakhala pamwamba, mphete zake n'zazing'ono, ndipo pachogwirira pali kokolekapo chala. Anyamata amakopeka ndi baitcaster chifukwa ndi imene amaona pa YouTube. Koma imafuna chala chophunzira. Mukalakwitsa pang'ono chingwe chimapotana ngati chisa cha mpheta, ndipo theka la tsiku mumathera kumasula. Ya spinning mwana amaiphunzira masana amodzi, imaponya nyambo zopepuka, ndipo chogwirira chake pa zambiri chimasinthika kupita kumanja kapena kumanzere. Banja ligule spinning, ya saizi 2500 kapena 3000. Onetsetsani kuti ndodo ndi reel ndi za mtundu umodzi. Ndaonapo anthu atagula ndodo ya baitcaster kwina, reel ya spinning kwina, n'kumadabwa kuti bwanji chingwe sichikuyenda.

Chachisanu ndi chimene ndodoyo yapangidwira. Ya graphite ndi yopepuka ndipo imamva ngakhale nsomba ikangonunkhiza nyambo, koma ndi yosachedwa kuthyoka ikapanidwa ndi chitseko cha galimoto kapena ikagunda mwala. Ya fibreglass ndi yolemerako ndipo simva kwambiri, koma imapirira nkhanza. Palinso zosakaniza ziwirizi, monga Ugly Stik imene kampani ya Shakespeare inatulutsa mu 1976 ndipo inatchuka chifukwa cha kulimba. Sindikutsatsa malonda a munthu. Makampani monga Shimano, Daiwa, Okuma ndi Abu Garcia nawo ali ndi ndodo za mtengo wapakati zabwinobwino. Chimene ndikunena n'chakuti m'nyumba ya ana, mmene chilichonse chachitali chimasanduka mfuti kapena chothyolera mango, yosakaniza ndiyo idzakhalitse. Ya graphite yokhayokha idikire ana akule.

Tengani ya zidutswa ziwiri, yolumikiza pakati. Ena adzakuuzani kuti ya thunthu limodzi imamva bwino. Kusiyanako kulipo koma n'kochepa kwa munthu woyamba, pomwe ndodo ya mamita awiri simungakwere nayo minibasi kapena kabaza osakangana ndi anthu. Ndodo zambiri zimathyokera pa ulendo ndi kuseri kwa chitseko, nsomba isanazione n'komwe. Zopindika ngati mlongoti wa wailesi, zolowetsana m'kati, zimakopa chifukwa n'zotchipa ndipo zimalowa m'chikwama, koma zolumikizira zake n'zambiri, mchenga umalowamo, ndipo zotchipazo sizichedwa kugwa mphete.

Tsopano mwafika m'sitolo, kapena mwapeza ya kaunjika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musakopeke ndi utoto. Ilumikizeni, muiyang'ane kuchokera kuchogwirira ngati mukuloza mfuti, muone ngati mphete zonse zili pa mzere umodzi. Gwedezani pang'ono, mumve ngati polumikizira pakugogoda. Kenako chitani zimene ife a kuchipatala timadziwa bwino: tengani kathonje, mukapititse m'kati mwa mphete iliyonse. Thonje likakodwa, ndiye kuti mpheteyo ili ndi mng'alu umene diso silikuona, ndipo idzadula chingwe chanu tsiku limene mwakola nsomba yaikulu. Yendetsani zala pa thupi lonse la ndodo, mumve ngati pali pophwanyika kapena pokalika kwambiri. Mangani reel, muone ngati yagwira osagwedera. Mukatero muinyamule pa chala patsogolo pang'ono pa reel. Ikamagwera kwambiri kunsonga, dzanja lanu lidzatopa dzuwa lisanafike pamutu. Wogulitsa akakana kuti muiyese motere, tulukani.

Za ndalama. Zida zimenezi zimachokera kunja, ndipo kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu wakunja sagulidwa mwachibwana. Lamulo langa ndi ili: musagule yotchipitsitsa, musagulenso yodulitsitsa. Yotchipitsitsa mudzaigula kawiri. Yodulitsitsa mukulipira kupepuka kumene dzanja lanu silinafike pokuzindikira. Ndalama imene mwapatula muigawe patatu: gawo la ndodo, gawo lofanana nalo kapena loposerapo pang'ono la reel popeza ndiyo ili ndi tizitsulo toyenda, ndi gawo lotsala la chingwe, mbedza ndi nyambo. Ndodo ndi reel zogulitsidwa pamodzi nthawi zambiri zimatsikirako mtengo, koma chingwe chimene amakulungiratu sichikhala chabwino kawirikawiri. Chichotseni, muikepo cha nayiloni chatsopano cha 10 kapena 12 lb, amene ndi makilogalamu 4.5 kapena 5.4. Nyambo musadzaze bokosi. Paketi imodzi kapena awiri a nyongolotsi za pulasitiki za mtundu wobiriwira modera, mbedza zake, timitovu pang'ono ndi kachitsulo konyezimira kamodzi, mwayamba.

Ambiri a inu muli ndi achimwene kapena alamu ku Johannesburg, kumene masitolo a zowedzera ndi ambiri. Mukawatuma, musangoti "mundigulire ndodo yabwino". Adzakubweretserani ya kunyanja yamchere, yaitali mamita anayi, mudzasowa nayo chochita. Alembereni pa WhatsApp mawu onse monga alili pa ndodo: spinning, 6'6" kapena 7'0", Medium, Fast, zidutswa ziwiri. Muwapemphe ajambule timalemba tija akutumizireni asanalipire, ndiponso aiike m'paipi ya pulasitiki pokweza basi.

Koma zonsezi zisanachitike, khalani pansi awirinu. Inu bambo, musabwere nayo ndodo usiku n'kuibisa kuseri kwa wadirobu, mawa n'kunama kuti wakupatsani mnzanu wa kuntchito. Bodza la ndodo ndi laling'ono, koma mkazi akaligwira amayamba kufunsa kuti mabodza enawo ndi angati. Nenani mtengo weniweni. Gwirizanani kuti lendi, fizi, ufa ndi ndalama ya matenda zikhale zitakwana, ndipo ya ndodo muziika padera mwezi ndi mwezi. Katapila wa ndodo ayi. Inunso mayi, musafulumire kunyoza. Mwamuna amene Loweruka ali pa damu ndi mwana wake mukudziwa kumene ali, ndipo madzulo amabwera ali bwinobwino. Ndipo ndani ananena kuti ndodoyo ndi ya bambo okha? Pitani nawo, muponye nanunso. Pa damu palibe wailesi, palibe alendo, ndipo nkhani zimene zimakanika kukambidwa pabalaza zimatuluka zokha.

Ndisavule yunifolomu ndisananene za chitetezo. Mbedza ili ndi kaminga kobwerera m'mbuyo kamene kamailetsa kutuluka. Mukamawedza ndi ana, kaphwanyeni ndi chopanira kuti kagone. Mudzataya nsomba imodzi kapena ziwiri, koma mbedza yotere ikalowa m'chala imatuluka mosavuta. Woponya aziyang'ana kumbuyo nthawi zonse, ndipo aliyense avale chipewa ndi magalasi, ngakhale otchipa. Mbedza ikalowa m'diso, pankhope, m'khosi, polumikizira mafupa, kapena ikalowa kwambiri pena paliponse, musaikoke. Dulani chingwe, phimbani mosakanikiza kuti isagwedezeke, thamangirani kuchipatala. Bala lililonse la mbedza litsukidwe ndi sopo ndi madzi oyera, ndipo mufunse za katemera wa kafumbata. Mtovu musaulume ndi mano pomanga, ndipo usasiyidwe pamene mwana wokwawa angautole, chifukwa ndi poizoni.

Ndodo ya graphite imadutsitsa magetsi. Musayende nayo chiimikire pansi pa mawaya a magetsi, ndipo nyengo ya dzinja mukangomva bingu, igonekeni pansi, chokani pa madzi. Mwana wosadziwa kusambira akhale pamene dzanja lanu lingamufikire, chifukwa mwana amamira mwakachetechete, osakuwa. Funsani eni dera ngati muli ng'ona. Madzi odikha a zitsamba ndiwo amakonda nkhono zofalitsa likodzo, choncho wedzerani pamtunda, ana asalowemo. Mukaona magazi m'mkodzo, pitani kuchipatala, mankhwala ake a praziquantel alipo. Bass imadya kwambiri m'mamawa ndi chakumadzulo, nthawi imene udzudzu nawo uli pa ntchito, ndiye valani zamanja aatali.

Madamu ambiri ali ndi eni ake, kaya ndi esiteti, a zankhalango kapena a zamadzi. Pemphani chilolezo, ndipo ngati pali kolipira lipirani. Madzi akayamba kufunda chisanu chitatha, bass imaswa, ndipo yaimuna imalondera mazira ndi tiana pamalo osaya. Mukaigwira nthawi imeneyo ibwezereni, kuti chaka chamawa mudzapeze chowedza. Koma chachikulu ndi ichi: musanyamule bass yamoyo kukaiika mumtsinje, m'dziwe la kumudzi kapena m'damu lina. Imadya tinsomba ta eni dziko. Ku South Africa malamulo a 2014 anaiika m'gulu la zamoyo zakunja zowononga. Ife tili ndi nyanja ya Malawi, ya mitundu ya nsomba mazanamazana yosapezeka kwina kulikonse, imene mbali yake bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Chidebe chimodzi cha munthu wosaganiza chingabweretse mavuto amene adzukulu athu sadzatha kuwakonza. Imene mwasankha kudya, ipheni pomwepo. Mnofu wake ndi woyera, wokoma ndi nsima, koma kwa ana muzichotsa minga ndi zala zanu.

Mukabwerako, pukutani ndodo ndi kansalu konyowa, muilekanitse pakati, muisunge mogoneka kapena moimika mowongoka pamalo opanda dzuwa. Musaitsamiritse pakona itapindika kwa miyezi. Pokoka nsomba musaimike ndodo chilili mpaka kuloza kumwamba, pamenepo ndi pamene nsonga imathyokera. Mbedza ikakola chitsa musalimbane nacho ndi ndodo. Lozani ndodo kumene chingwe chapita, mukulunge chingwe pa kamtengo, mutembenuze nkhope, mukoke pang'onopang'ono. Chingwe cha nayiloni chimafooka ndi dzuwa, choncho muzichisintha kamodzi pa chaka.

Dulani tsambali mulisunge m'chikwama tsiku lokagula. Amene muli ndi mafunso, kaya a mbedza kaya a m'nyumba, lembani monga mwa nthawi zonse. Lamulungu likudzali tidzakambirana za mwana amene akukana kudya. Mukhale ndi sabata yabwino.